Musanatsitse njinga kumbuyo, pitani kaye kwa osoka mipando

Ine ndine wamfupi, izi sindibisa. Ndikaima pa njinga yanga yamoto ya Boxer ndinkangogunda pansi ndi zala, ngati nkhuku yoponda mchenga wotentha. Ndiye anzanga amene mukufuna kutsitsa njinga zanu zamoto kumbuyo, vuto lanu ndikulidziwa bwino. Kungoti ine ndinatsitsapo kale, ndipo sindidzachitanso.

Makanika wina (dzina ndisatchule, timapemphera mpingo umodzi) anandiuza kuti, "Bwana, apa palibe nkhani, tingoika mashoko aafupi." Anamasula mashoko anga awiri akumbuyo (zitsulo za sipuling'i zofewetsa mabampu zija) n'kumangapo ena ochokera ku kanjinga kakang'ono. Njinga inatsika pafupifupi masentimita 4. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba mano ali pamtunda, mapazi akuponda pansi ngati munthu wamkulu.

Chimwemwe chinathera Loweruka, nditakweza mayi akunyumba ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 ulendo wa kuchigayo. Pahampu yoyamba tinangomva kuti khwee, tayala lakhula madigadi. Pa yachiwiri sitandi ya pakati inamenya konkire mpaka mano kuluma lilime. Mayi anatsika osayankhula, n'kumaliza ulendo wapansi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti utali wa shoko ndi mpata umene tayala limathawirako likagwera m'dzenje. Mukaufupikitsa mwalilanda pothawira, komanso injini ndi ekizozi mwaziyandikitsa ku miyala. Anthu amene timawaonera pa YouTube akutsitsa njinga zawo ambiri amayenda okha, pa tala wosalala. Kwathu kuno njinga imanyamula anthu awiri, matumba a makala, nthawi zina mbuzi, ndipo mvula ikagwa msewu wakumudzi umasanduka khwawa. Wakabaza wotsitsa njinga akudzidulira yekha ndalama.

Palinso zina zimene makanika uja sanandiuze. Kumbuyo kukatsika kutsogolo kuli pomwepo, njinga imakhala ngati yadzutsa mutu. Nyali inayamba kuloza m'maso mwa anthu, madalaivala n'kumandiphethirira magetsi usiku wonse. Pakona njinga inkafuna kupitirira molunjika, mpaka ndiikakamize. Sitandi ya pambali inasanduka yaitali, njinga n'kumaima chilili, moti tsiku lina mwana anangoitsamira pang'ono iyo n'kugwera kumanja, galasi phwaa. Tcheni nacho chinasintha kakokedwe.

Koma amene amandiopsa kwambiri ndi aja odula sipuling'i ndi galayinda, kapena kuiwotcha ndi gasi kuti ifwafwanyike. Sipuling'i yodulidwa imalimba kuposa kale ndipo sikhazikika bwino pamalo pake. Yowotchedwa yataya mphamvu imene anaipatsa kufakitale, idzathyoka tsiku limene simukuyembekeza, mwina muli ndi mwana wa eni kumbuyo. Ena amangotembenuza kamphete ka masitepe kamene kali pa shoko n'kukafikitsa pofewa penipeni. Inde njinga imatsikako mukakhalapo, koma kamphete kaja anakaikira kulemera kwa katundu, osati kufupika kwa miyendo. Mukakhala pa njinga, shoko iyenera kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wake, kwinako kutsalire maenje.

Sindikunena kuti kutsitsa n'koletsedwa. Njinga zazitali za shoko imodzi pakati, monga Suzuki DR kapena Honda CRF, zili ndi tizitsulo tolumikizira tomwe amagulitsa dala kuti munthu atsitsire. Ngati mwatsimikiza mtima, gulani zoyenera njinga yanuyo, musapitirire masentimita 2 kapena 3, ndipo tsitsaninso kutsogolo mofanana pokweza mafoloko pang'ono m'zogwirira zake, mukuonetsetsa kuti madigadi sakagunda pamwamba. Kenako fupikitsani sitandi, konzani nyali, ndipo tcheni muchiyeze munthu atakhalapo. Ntchito yonseyi ndi ndalama, ndipo amakanika ambiri amangochita yoyamba yokha n'kukuuzani kuti mwatha.

Ine ndinabwezeretsa mashoko anga akale. Mpando ndinapita nawo kwa bambo wina wosoka mipando ya galimoto, anasema siponji masentimita 3 pamwamba, n'kusemanso m'mbali chakutsogolo. Kusema kwa m'mbaliku ndiye kunathandiza kwambiri, chifukwa mpando wotambalala umatangadza ntchafu, miyendo n'kufupikiratu. Ndinaphunziranso kuima ndi mwendo umodzi: kusendera pang'ono kumanzere, phazi lamanzere lonse pansi, lamanja lili pa buleki. Poyamba zinkandichititsa manyazi pamaloboti, pano sindiganizako n'komwe.

Mashoko aafupi aja akadali kuseri kwa chitseko. Mayi akuti ndiwagulitse, koma ndikusowa munthu amene ndimadana naye mpaka pamenepo.