Chilembo chimodzi chandidyera tsiku lonse

Lero ndatopa nazo. Ndili pa Nchalo, kunja kukutentha ngati ng'anjo, ndikulimbana ndi kapulogalamu kolembera alimi a thonje, koma kuyambira m'mawa MySQL, database yosungiramo zomwe talemba, ndi Hibernate, chida cholumikiza kapulogalamuka ndi databaseyo, sizikumvana.

Pa laputopu yanga ya Windows zonse zimayenda bwinobwino. Kukaika pa seva ya Linux, kompyuta yomwe kazigwirirapo ntchito, akuti tebulo la m'database lotchedwa Mlimi kulibe. Kulibe bwanji ine ndikuliona ndi maso angawa? Ndiye kuti linalembedwa mlimi ndi m wamng'ono, ndipo pa Linux MySQL imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a matebulo. Maola awiri apita basi.

Ndangokonza chimenecho, kwabuka china. Dzina lililonse lokhala ndi ŵ likutuluka ndi chizindikiro cha funso pakati. Amene anakhazikitsa database anaisiya pa mndandanda wa zilembo wotchedwa latin1, momwe mulibe ŵ, m'malo mwa wina wotchedwa utf8mb4, momwe alimo. Ngati Malaŵi weniweniyo sakulembeka, nanga mayina a anthu akumudzi atha bwanji? Ichi chimandiwawa kwambiri abale, dzina la munthu si loseweretsa, ndipo mlimi akalandira lisiti lolakwika amakayikira ndi kulemera kwa thonje lake komwe.

Nanga nthawi? Thonje loyezedwa 8 koloko likuoneka ngati la 6 koloko, chifukwa seva ili pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri. Ndikati ndione minda ya mlimi, Hibernate yatulutsa uthenga wa vuto woti LazyInitializationException, akuti session, kutanthauza kulumikizana kwake ndi database, yatsekedwa kale. Ndifufuze pa intaneti? Bandulo yatsala pang'ono, magetsi azimanso, ndipo mawa m'mamawa alimi adzakhala atafola kale pa sikelo ndi mabelo awo.