Misewu ya London m'mutu mwa munthu

Zikomo polemba zoti kuloweza njira kumasintha ubongo. Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira malo ndi njira, ndi yokulirapo mwa oyendetsa matakisi a ku London, amene amaloweza misewu pafupifupi 25,000. Wina akanati anabadwa choncho. Koma chandigwira mtima n'cha mu 2011: Maguire ndi Katherine Woollett anajambula ubongo wa ophunzira ntchitoyi asanayambe, n'kudzawajambulanso patatha zaka zitatu kapena zinayi. Mbali ija inakula mwa okhawo amene anakhoza mayeso. Anthu akuluakulutu amenewa, osati ana!

N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa kuona munthu ataima pamphambano yomwe wadutsapo kakhumi, maso ali pafoni, kudikira GPS imuuze kokhotera.