Anyamata inu, lekani kupundula timagalimoto timeneti

Sabata yathayi, pamsewu wa M1 chakufupi ndi Nathenje, ndinapeza Toyota Vitz itaima m'mphepete, rimu yakutsogolo itapindika, tayala litang'ambika, mayi ndi ana ali pansi pa mtengo kudikira thandizo. Mwini wake, mnyamata wooneka wophunzira ndithu, anali kalikiliki kutukwana dzenje. Chonsecho iye yemweyo anachotsa marimu a mainchesi 14 amene galimotoyo inabwera nawo kuchokera ku Japan, naiveka a mainchesi 17 okhala ndi matayala opyapyala ngati lamba wa buluku, kenaka n'kudula masipuling'i kuti igone pansi. Ndiye wolakwa n'dzenje kodi?

Mukuganiza kuti amene anaika tayala la 165/70 R14 pa kagalimoto kameneka anali opanda nzeru? Khoma la tayala limenelo ndi lotalika mamilimita pafupifupi 115, pamene la 205/40 R17 limene mukulikondalo ndi 82 okha, ndipo mphira mwachotsayo ndi umene unkameza mabampu asanafike pamsana pa agogo anu amene mwawakhazika kumbuyo. Tsopano dzenje lililonse likumenya rimu mwachindunji, tayala likutupa chithupsa, chiwongolero chikunjenjemera, mabushi ndi mabering'i akutha nthawi isanakwane. Nanga kainjini ka 1000 cc ka masilinda atatu mukukasenzetsa zimawilo zolemera chotere, petulo wake akugulirani ndani?

Koma zodula masipuling'i ndi galayinda ndiye zimandiwiritsa mtima kwambiri. Mashoki amatsala opanda malo oyendamo, amagunda kumapeto, galimoto n'kumadumphadumpha, ndipo tayala limene lili m'malere silingagwire buleki ngakhale mutaponda motani. Mumati ikukhota bwino pakona. Pakona yosalala mwina, koma kona yosalala mwaiona kuti nyengo ya mvula kuno kwathu? Pahampu timakuonani mukuoloka chammbali, mwatseka msewu wonse, anthu atsika kuti galimoto ipepuke, pansi pakukhulabe, mpaka tsiku lina sampu idzabooka, oyilo n'kutayikira pamsewu. Mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto tayala likudya bodi, inu n'kungokweza wailesi kuti musamve.

Musaseke inu a ma Sienta amene mumakweza galimoto ndi masipesa ndi masipuling'i a galimoto ina kuti mulongeze anthu ndi matumba a chimanga mopitirira muyeso. Galimoto yokwezedwa ndiponso yolemedwa imapendama pakona, ndipo mukangokhotetsa mwadzidzidzi pozemba wakabaza, imagubuduzika ndi miyoyo ya eni ake.

Ndipo inu amakaniko, amene mukudziwa bwino lomwe zotsatira zake, mukulandiriranji ndalama yodulira sipuling'i? Kukula kwa tayala ndi mpweya woyenera zinalembedwa pakapepala kamene kali pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Ngati kuwerenga kameneko kwakukanikani, siyani makiyi, kwerani minibasi.