Achemwali, phewa si usipa woti muziyanika

Abale anga ndilankhuleko za zipsera lero, chifukwa dzulo pa depoti ndakumana ndi mtsikana wina wangochotsedwa kumene ulusi pakhosi, bala lili pamtetete dzuwa la 12 koloko likumuwomba bwinobwino, nditamufunsa akuti kunyumba anamuuza kuti lizipitidwa mphepo ndi dzuwa kuti liume msanga. Mtima unandiwawa chifukwa nanenso ndinapanga zomwezo ndipo umboni wake ndikuyenda nawo paphewa mpaka lero.

Ine geni yanga ndi ya usipa, ndimagula kwa alovi m'mamawa n'kuyanika pa thandala, nde mukudziwa nokha kuti ofesi yanga ilibe denga. Chaka chathachi anandipanga opaleshoni yaing'ono, kundichotsa chotupa cha mafuta paphewa chija madokotala amati lipoma, chofewa, chosapweteka, koma chinkangokulirakulira mpaka anthu kumafunsa kuti mwabisa chani mu bulauzimo. Anang'amba, kuchotsa, kusoka, patatha masiku 12 ndinapita kukachotsetsa ulusi. Anandiuza zomaliza mankhwala, zobwerera ndikaona mafinya kapena kutupa, zonsezo zabwino ndithu ndipo ntchito anaigwira bwino sindinganame. Koma za dzuwa olo liwu limodzi panalibe, inenso sindinafunse, safunsa anadya phula.

Unali Okutobala. Amene mumakhala ku Mangochi kuno mukumudziwa Okutobala wathu, mchenga umaotcha olo utavala patapata, madzi a m'chigubu amasanduka osambira. Ine ndi kabulauzi kanga ka zingwe kaja poti kukutentha, kutembenuza usipa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3. Pochotsa ulusi chipsera chinali kamzere kofiirira kowongoka ngati kolemba ndi bolopeni. Pofika Khirisimasi chinali chitada bii kuposa khungu lonse ngati wina wandipaka makala, chitatambasukanso, ndipo ndikatuluka thukuta chinkayabwa mpaka kufuna kudzikhulitsa pa mtengo wa thandala.

Amene ananditsegula maso si dokotala ayi, ndi mayi wina timayanika naye limodzi. Ali ndi mwana wachialubino, mnyamata wamkulu ndithu, amene anachotsedwapo kachilonda kokana kupola kuseri kwa khutu. Tsiku lina anangondiyang'ana n'kunena kuti achemwali, usipa mwayanika, phewalonso mwaliyanika, mukagulitsa zonse? Tinaseka kkkk koma kenako anandikhazika pansi. Mabanja amenewa nkhani ya dzuwa amaidziwa kuposa tonsefe chifukwa kwa iwo ndi nkhani ya khansa ya pakhungu, ya moyo ndi imfa, ndipo si ochepa, kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Ife ena timangoona chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali osadziwa kuti ndi sukulu yonse imeneyo.

Pali mawu aja timakonda akuti ife akuda dzuwa silitichita kanthu, za sunscreen, mafuta otchinga dzuwa, ndi za azungu aja amafiira ngati tomato ku Cape Maclear. Theka lake ndi zoona. Khungu lathu lili ndi melanin wambiri, chimene chimatipatsa mtundu wakudawu, ndipo amatitchinjiriza ndithu, n'chifukwa chake sitisupuka chisawawa. Koma timaselo topanga melanin tomweto timakhala tolusa pamalo povulala, dzuwa likangowomba timapanga mtundu mopyola muyeso. Taonani chiphuphu chabe chikapola kumaso chimasiya dontho lakuda miyezi, nanga pamene padutsa mpeni ndi singano? Ndiye kwa ife vuto lenileni si kufiira ayi, ndi kuda kuja kumene kumatenga miyezi yambirimbiri, pena zaka, kuti kuyambe kufufuka.

Chinanso chimene sindinkadziwa, kuchotsa ulusi si kupola. Pamwamba pamakhala patatseka koma mkati thupi likulukabe. Pakatha masabata atatu mphamvu ya pamalopo imakhala cha m'ma 20 peresenti ya khungu labwinobwino, pofika miyezi itatu imafika cha m'ma 80 ndipo imathera pomwepo, siibwereranso mwakale. Kuti chipsera chikhwime, chifewe, chitsike, pamapita chaka chathunthu mwinanso chaka ndi theka. Nthawi yonseyi ndi khungu lakhanda, limapsa msanga. Ine sabata yachitatu ndinali nditayamba kale kusenza mabeseni a nsomba kuchoka pa bwato, kukweza manja m'mwamba, kutula, kukwezanso. Kuda kunabwera ndi dzuwa, kutambasuka kunabwera ndi mabeseni, ndisanamizire dzuwa zonse.

Apa ndinenenso za zipsera zotupa zija zimakula kupitirira pamene panali bala, ma keloid. Zimenezo si dzuwa, zimayendera magazi a ku mtundu ndipo zimakonda ife akhungu lakuda, makamaka m'makutu moboola ndolo, pachifuwa ndi m'mapewa. Mukaona chayamba kukwera bwererani kuchipatala, pali jakisoni amabaya pachipsera pomwepo kuti chitsike. Osalola wina achimange ndi ulusi kapena kuchidula ndi lezala kunyumba, chimabwerera chachikulu kuposa poyamba.

Nditaona kuti chada ndinayamba kumvera aliyense. Azakhali anga akuti paka mankhwala otsukira mano. Wina akuti mandimu. Wina pamsika anandigulitsa kachubu ka mafuta oyeretsa aja akuti sabata ziwiri zokha mayi, simudzachionanso. Ndinapaka ndithu, ndisabise. Chimene chinayera ndi khungu lozungulira, chipsera chinangokhala phee pakati chikuoneka kwambiri kuposa kale, ngati nyemba yakuda mu mpunga. Mafuta ambiri amenewa muli mankhwala amphamvu otchedwa ma steroid amene amapyapyalitsa khungu ndi kuchedwetsa kupola, ndiye tangoganizani kupyapyalitsa khungu loti ndi lofooka kale kenako kukaliimika pa mchenga masana. Ndalama yanga inapita, mxii.

Nde chochita n'chani poti ntchito sitingasiye, usipa suuma pamthunzi? Maganizo anga ndi akuti nsalu ndiyo mankhwala oyamba. Ndikudziwa pa intaneti aliyense amangoti gulani sunscreen, koma kabotolo kamodzi ku famase mtengo wake umatha phindu la masiku angapo, ndipo kamayenera kupakidwanso pakatha maola awiri alionse, ukalowa m'madzi kapena thukuta likachuluka upakenso, ndani wa ife angakwanitse chaka chonse? Malaya a kolala ndi manja aatali, mpango, chipewa cha mlaza chachikulu osati kepisi imene imasiya makutu ndi khosi panja, zimenezi tili nazo kale m'nyumba. Mayi uja anandiphunzitsa kuyesa nsalu, uikweze uyang'anire kudzuwa, ngati kuwala kukudutsa kwambiri ndiye kuti ikukunamiza. Yothithikana ndi yakuda pang'ono imatchinga bwino kuposa yoyera yopyapyala, ndipo ikanyowa mphamvu yake imachepa. Pamene pali povuta kuvala, kapulasitala kapepala kaja kamagwira ntchito bola pakhale patatseka bwino.

Amene mungakwanitse kugula sunscreen, kapena chipsera chili kumaso koti simungakulunge chitenje, yang'anani yolembedwa SPF 30 kapena kupitirira apo komanso mawu akuti broad spectrum, kutanthauza kuti imatchinga mitundu yonse iwiri ya cheza cha dzuwa choononga khungu. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza chootcha chija cha UVB ukapaka mokwanira, osati kungodontheza ngati perefyumu. Koma osapaka pa bala losatseka chonde. Ndipo mafuta amene anzathu achialubino amalandira kuchipatala ndi awo, osamawapempha kuti tigawireniko, ife tikudandaula za maonekedwe, iwo akuthawa khansa.

Vaseline ndi wabwino pa bala loyera limene likupola, amathandiza kuti pasaume n'kuchita nkhanambo yong'ambika, zoti bala liume kaye gwa kuti lipole ndi zakale. Koma Vaseline satchinga dzuwa olo pang'ono, musadzinamize kuti poti ndanyezimira ndatetezeka. Palinso silicone, ya jelo kapena yomata, imeneyo imathandiza zipsera zokwera koma imafuna kupirira miyezi ingapo tsiku ndi tsiku. Ndipo abambo osuta fodya, bala lanu limachedwa kupola, izo ndangodutsamo.

Nthawi yoopsa ndi kuyambira 10 koloko mpaka 4 madzulo, ukaona chithunzithunzi chako chafupika kuposa iwe mwini dziwa kuti lafika poipa. Mitambo isakupusitseni, cheza chambiri chimadutsabe, ndipo kunyanja kuno mchenga ndi madzi zimakubwezeranso kuchokera pansi, ndiye olo nthawi ya mwera kukuzizira mu Juni, khungu likulandirabe.

Chimene chimandiwawa n'choti zonsezi zikanatheka ndi chiganizo chimodzi tsiku lochotsa ulusi lija. Ndikudziwa anamwino athu amakhala ndi mzere wofika panja, sindikuwanena, koma kungoti mayi pamenepa muzivundikira chaka chonse, kapena kulemba m'kabuku kathu ka kuchipatala kaja, sizitenga olo mphindi imodzi. Odwala ambiri kuno ndi asodzi, akabaza, alimi, amayi a pamsika, anthu oti tsiku lonse ali panja.

Panopa ndimayanika nsomba nditavala shati yakale ya bambo a kunyumba, yabuluu ya kolala, amayi anzanga amanditcha kondakitala. Chipsera chayamba kufufuka m'mbalimbali koma pakati pakadali bii. Mtsikana wa pa depoti uja ndinamupatsa mpango wanga wa m'chikwama, anaukulunga pakhosi uku akudandaula kuti aunt koma ndiye kukutenthatu, minibasi ya ku Namwera itadzaza anakwera nawo.