Tiyeni tizipita kumabwalo a kumudzi

Anzanga okonda mpira kuno ku Dedza, pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Loweruka lililonse timadzaza m'mabala ndi m'nyumba zoonetsera mpira pa boma, kulipira kuti tione Arsenal ndi Manchester United, n'kumakangana mpaka mawu kusasa chifukwa cha anthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Linthipe. Sindikuletsa, nanenso ndimaonera. Koma ndi angati mwa ife amene anakwerapo minibasi dala, kupita kubwalo limene sanapondepo chibadwire, kukaonera timatimu ta m'ligi yaing'ono? Ine ndikuti tiyambe kutero, ndipo tizipita ndi kangachepe m'thumba.

Posachedwapa ndinatsikira ku Golomoti. Amene munadutsapo mukudziwa, ukachoka pa boma umatsata M1 ngati ukulowera ku Ntcheu, kenako pa Masasa umakhota n'kuyamba kutsetsereka phiri, msewu wokhotakhota uja woti ngakhale dalaivala wolongolola amayamba wakhala chete. Ndinanyamuka nditavala jekete chifukwa cha chisanu chathu chino, koma pofika kumunsi linali m'manja, thukuta lili kamukamu. Wakabaza atamva kuti ndabwerera mpira basi, anandiyang'ana kawiri, kenako anandithamangitsira pabwalo la sukulu ina kuseri kwa msika.

Bwalolo linali lopanda mpanda. Mizere anailemba ndi phulusa m'mawa womwewo, ndipo mnyamata amene anagwira ntchitoyo anali akadali mbuu m'manja. Magolo anali a mitengo ya bulugamu, ukonde wake wosokedwasokedwa ndi chingwe cha sisalo. Timu ya alendo inafika pa lole mochedwa, osewera ali fumbi lokhalokha, n'kuvalira pansi pa mtengo wa mango. Chimene sindidzaiwala ndi ichi: m'chipande chachiwiri, mnyamata wina akutuluka, anakhala pansi pamzere pomwepo, kuvula nsapato zake, n'kupatsa mnzake amene amalowa m'malo mwake. Mnzakeyo anamanga zingwe mothamanga, woyimbira akudikira. Nsapatozo zinali zomukulira. Analowa nazo choncho ndipo anathamanga mpaka wezulo yomaliza.

Ndipo mpira wake si wachibwana ayi. Bwalo la mabampu limaphunzitsa mwana kuimitsa mpira kuposa kapinga wa pa Bingu National Stadium, chifukwa sudziwa kumene unjanjire. Panali kamnyamata kena kapakati, kochepa thupi, kamene kamalandira mpira pachifuwa n'kutembenuka kamodzi, oteteza awiri n'kuwombana okha. Amayi anali kuseri kwa golo ndi nyimbo zawo, kumutchula goloboyi wa alendo ndi dzina la agogo ake, kaya analidziwira kuti. Chigoli chitalowa bwalo lonse linadzaza ana, ena akugubuduka m'fumbi, ndipo panatenga kanthawi kuti masewera ayambirenso. Bambo wina wachikulire amene ndinaima naye pafupi anandigawira chimanga chootcha, n'kumandifotokozera mwana aliyense, uyu ndi wa kwa akuti, uyo amagulitsa makala, winayo walemba MSCE chaka chino. Izi pa kanema sungazipeze.

Pali zina zimene zinandiwawa, ndipo ndizinene. Wosewera atagwa n'kugwira bondo, chithandizo chonse chinali ndowa ya madzi ndi kansalu. Akanathyoka, akanamukweza pa njinga yamoto mpaka kuchipatala, mwendo ukulendewera. Woyimbira analibe womuteteza ngakhale mmodzi. Pamene anakana penate ya eni bwalo, anyamata ena amene anali atalawa anayamba kumuyandikira, ndipo amene anazimitsa motowo ndi akuluakulu a m'mudzi ndi aphunzitsi awiri. Munthu woyimbira ali ndi mantha sangaweruze mwachilungamo. Ndiye mawa timadabwa kuti matimu amaopa kukasewera koyenda. Eni bwalo, mlendo ndi mame, wabwera masana madzulo wapita. Mulandireni bwino, pakuti sabata yamawa ndinu mudzakwere lole kupita kwawo.

Tonse tinasangalala mu January 2022 pamene Flames inafika mu ndime ya matimu 16 ku AFCON, mpikisano wa maiko a mu Africa, ku Cameroon, Gabadinho Mhango n'kumwetsa chigoli chija chakutali pokumana ndi Morocco. Timanyadira Tabitha ndi Temwa Chawinga amene anachokera ku Rumphi n'kukagwedeza maiko akunja. Kuno kwathu tinavina Dedza Dynamos italowa mu Super League kuchokera m'ligi ya chigawo chapakati, Bullets ndi Wanderers n'kuyamba kubwera pa Dedza Stadium. Anthu amenewa sanagwe kumwamba. Timu iliyonse imene timaiombera m'manja lero inayamba yavutika ndi ndalama ya mafuta a galimoto, ya woyimbira, ya sopo wochapira majezi. Nthawi imeneyo ambiri a ife tinali kuti?

Ena mudzati kuthandiza matimu aang'ono ndi ntchito ya FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi makampani. N'zoona, ali ndi mbali yawo, ndipo zikho ngati FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup zathandiza kuti matimu aang'ono azipeza mwayi wokumana ndi akuluakulu. Koma chikho chimabwera kamodzi pachaka, ukagonja watuluka. Mabonanza a andale nawo timawadziwa nyengo yake. Chimene chimasunga timu kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza ndi anthu wamba: wagolosale amene wagula mpira, mwini lole amene wangolandira ya dizilo yokha, ndi iwe ndi ine tikaponya kenakake m'chipewa chikamazungulira pa hafu taimu. Tsiku lija ku Golomoti chipewa chinadutsa pamaso pa anthu ambirimbiri, koma zimene zinatuluka sindikhulupirira kuti zinakwana n'kugula mpira umodzi. Anthu akumeneko sindikuwadzudzula, ambiri alibe. Ife amene timakwanitsa kugula bandulo yoonera ligi ya ku England pafoni ndi amene tikusowa pamzere paja.

Amene mukufuna kuyesa, funsani kaye kwa anthu akumaloko ngati masewera alipodi, chifukwa maliro kapena mvula zimatha kusintha zonse. Nyamukani m'mawa, tengani madzi akumwa, ndipo mukhale ndi ndalama zosinthasintha za kabaza ndi za chipewa. Musadikire mdima, magalimoto okwera phiri amasowa dzuwa likalowa. Ulendo wotsatira ndikufuna ndilowere mbali ya Ntcheu, kaya ku Tsangano kaya ku Kasinje. Achimwene ndi achemwali akumeneko, tiuzeni matimu anu akusewera liti komanso pabwalo liti.