Chenjezo kwa inu mwaunjika ntchito yonse pa kompyuta imodzi

Ana inu, tamverani. Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, imabwera ndi ziphaliwali, magetsi n'kumangothimathima. Koma m'mashopu otayipa ndi kusindikiza ku Katoto, m'masitudiyo a zithunzi ku Chibavi, ngakhale m'maofesi a sukulu, ntchito ya zaka zisanu ili m'kompyuta imodzi yakale imene mwaipatsa dzina loti seva, kutanthauza kompyuta yosungira mafayilo a onse. Mwaisomeka pa ekisitenshoni yotchipa, pamodzi ndi ketulo ndi makina a fotokope. Kusasamala kotereku kukuliritsani.

Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba, fayiloyo imatsala yosatha, ndipo ngati ndi ya maakaunti mwina sitsegukanso. Pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola 230V, n'kuwotcha power supply, kabokosi kolandira magetsi m'kompyutamo, mwinanso disiki yomwe yosunga mafayilo. Gulani UPS, bokosi la batire lopatsa kompyuta magetsi akathima, ngakhale yaing'ono ya 650VA. Si yoonera mpira ayi, ndi yokupatsani mphindi zochepa zoti mutseke zonse bwinobwino. Pulinta ya laser musaisomekepo, imakoka moto wambiri. Batire ya m'kati mwa UPS, kawirikawiri ya 12V 7Ah, imatopa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, choncho muziiyesa pozula pulagi kukhoma. Kukayamba kugunda, zulani zonse, kuphatikizapo chingwe cha netiweki chochokera padenga, chifukwa chiphaliwali chimalowera kumenekonso.

Chimene chikundipweteka kwambiri mtima ndi nkhani ya backup, kusunga kope lina la mafayilo anu. Wina akuti, "Ndinakopera ku D." Mwana wanga, pa makompyuta ambiri C ndi D ndi zigawo za disiki imodzi, zipinda ziwiri za nyumba imodzi, nyumba ikapsa, zonse zapsa. Wina ali ndi external, disiki yosomeka kunja kwa kompyuta, koma ndi yosomekedwa usana ndi usiku pa kompyuta yomweyo. Vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna ndalama idzalowanso mmenemo, ndipo wakuba akathyola chitseko sasiya external patebulo.

Lamulo lake ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana, kope limodzi likhale kwina. Gulani ma external awiri. Ina ikhale kuntchito, ina kunyumba ku Chiputula kapena ku Luwinga, muzisinthanitsa Lachisanu lililonse. Yakunyumbayo iikeni m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato, pakuti chinyezi cha kuno sichisiya chitsulo. Pasimenti musaike.

Mapulogalamu opangira backup ndi aulere, simulipira ngakhale tambala. Restic kapena BorgBackup amasunga mafayilo monga analili tsiku lililonse, moti fayilo imene mwafufuta lero mutha kuitenga ya sabata yatha. Ngati kompyuta yanu ndi ya Linux osati Windows, ikani pulogalamuyo mu cron, imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, iziyenda yokha pa ola limene kompyuta imakhala yoyatsa. Koma mapulogalamuwa amakhoma zonse ndi pasiwedi, ndipo mukaiiwala palibe katswiri amene angakutsegulireni. Ilembeni papepala, muisunge pamene mumasunga mapepala a malo.

Musanamizidwe ndi Syncthing, pulogalamu yofananitsa mafayilo pa makompyuta angapo, kapena RAID, njira yolumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Ndi zabwino pa ntchito yake, koma zimangotsanzira: mukafufuta kuno, ukonso zafufutika. Fulashi nayo si nkhokwe. Zina zimalembedwa 128GB pamene m'kati muli malo ochepa, ndipo zimalandira mafayilo ngati zili bwino, tsiku lowatsegula n'kupeza zinyalala zokhazokha. Iyeseni kaye ndi pulogalamu ya H2testw kapena f3 musanaikepo kanthu.

Ndipo ndani mwa inu anayesapo kubweza mafayilo kuchokera ku backup yake? Kamodzi pamwezi tengani foda imodzi, muibwezere pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo asanu muone ndi maso anu. Nthawi yomweyo funsani thanzi la disiki ndi pulogalamu ya smartctl kapena CrystalDiskInfo. Manambala a Reallocated Sectors ndi Pending Sectors, osonyeza malo oonongeka pa disiki, akamakwera, disikiyo ikutsanzika. Koperani lero lomwe. Ikayamba kulira kuti tiki tiki, thimitsani. Musaitsegule ndi sikuludiraiva, fumbi lochepa chabe limaononga mbale za m'katimo.

Za rauta, kabokosi kogawa intaneti, ndinena mwachidule, pakuti n'zochititsa manyazi. Ambiri mwasiya dzina lolowera ndi pasiwedi zili admin ndi admin monga inabwerera. Lowani pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, musinthe pasiwediyo, muike chitetezo cha Wi-Fi cha WPA2 kapena WPA3, muthimitse WPS, njira yolumikiza popanda kulemba pasiwedi. Makasitomala apatseni netiweki ya alendo, asamaone seva yanu. Port 3389 kapena 22, khomo lolowera m'kompyuta muli kutali, musaitsegulire dziko lonse, chifukwa pa intaneti pali makina amene amangogogoda zitseko zimenezi usiku wonse. Ngati mukufuna kufikira mafayilo anu muli ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay, ikani WireGuard, pulogalamu yopanga njira yotetezedwa yolowera pa netiweki yanu, muzilowera kumeneko.