Lustrum ndiye chiyaninso abale?

Amene akwiye akwiye, koma ine zandinyansa. Mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro watumiza uthenga pa WhatsApp woti Loweruka tonse tikasonkhane, tikakondwerere "lustrum" ya bungwe. Lustrum! Azimayi amene amasonkha ndalama zawo mwezi ndi mwezi osaphonya angoti kakasi, ena kumafunsana ngati ndi dzina la mlendo wolemekezeka. Pamene nkhani yake ndi yoti bungwe latha zaka zisanu. Basi. Zaka zisanu, mawu oti ngakhale mwana wa sitandade 1 amawamva.

Bambo mlembi, mumalembera ndani? Uthenga ndi woti anthu amve. Ngati eni bungwe sakumva, ndiye kuti simunalembe kanthu, mwangodzionetsa kuti muli ndi dikishonale kunyumba.

Ndipo mawuwo si Chingerezi chenicheni, ndi Chilatini. Aroma akale akamaliza kalembera wa anthu ndi chuma chawo, ankatenga nkhumba, nkhosa ndi ng'ombe yamphongo, n'kuziyendetsa mozungulira khamu la anthu pa bwalo la Campus Martius, kenako n'kuzipereka nsembe kwa mulungu wawo Mars kuti mtundu uyeretsedwe. Mwambo umenewo ndiwo unkatchedwa lustrum, ndipo poti unkayenera kuchitika zaka zisanu zilizonse, dzinalo linakakamira pa nyengoyo. Womaliza unachitika m'chaka cha 74 AD, nthawi ya mfumu ya Aroma Vespasian. Tsono ife Loweruka tikupha nkhumba ya ndani? Mars ameneyo ndi membala wathu? Anasonkhapo zingati?

Angerezi eni ake anawasiya m'mabuku mawu amenewa. Kaimitseni munthu pa msewu ku London muwatchule, angokuyang'anani. Amene amawakonda ndi a ku Netherlands, pa zikondwerero za masukulu ndi mabungwe awo, ndipo kumeneko aliyense amadziwa tanthauzo lake. Kuno ayi. Aphungu timawasankha zaka zisanu zilizonse, koma sindinamvepo agogo ali pa mzere wovotera akunena kuti phungu wathuyu lustrum yake yatha.

Mwina ndi sukulu zathu zomwe zinkatilanga tikalankhula Chichewa, kaya. Koma munthu wamkulu ndevu pepeya, kulembera amayi ake omubereka mawu oti akafunse kaye kwa adzukulu? Kumeneko si kuphunzira. Wophunzira weniweni amafewetsa zolimba kuti anzake amve, osati kulimbitsa zofewa kuti amuombere m'manja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere zake ndi izi: mlembi yemweyu nthawi yosakasaka mawu a Aroma ali nayo, koma lipoti la ndalama takhala tikulipempha kuyambira chaka chatha, iye kuli zii. Tikafunsa pa msonkhano akuti "quorum", chiwerengero cha mamembala ofunika kuti msonkhano uchitike, sinakwane. Chilatini china chimenecho. Mapoto amene tinagwirizana kuti agulidwe ali kuti? Maliro apitawa tinachita kukabwereka ku mpingo wa eni ake.